Mawu Anga, Chigubu Chake

Mumzinda muno mulibe munthu amene sadziwa mawu anga, ndipo sindikhulupirira kuti alipo amene sanawatukwanepo. Ine ndine uja mumamumva pa wailesi akuti, "Abale ndi alongo, musade nkhawa, mafuta ali m'njira." Mawuwo ndinawajambula kamodzi kokha, m'kachipinda kopanda zenera, tsiku lomwe ndinajambulanso malonda a sopo. Bambo wina wa ku unduna anabwera ndi zoti ndiwerenge, ndinawerenga, iye n'kunena kuti mawu anga ndi oziziritsa mtima. Sopo uja anasiya kumulengeza kalekale, koma za mafutazi amaziika m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mafutawo mpaka lero sanatope nayo njirayo. Kwathu dzina langa linaiwalika. Ndine Alimnjira, ngakhale kwa amayi ogulitsa tomato amene anandiona ndikukwawa.

Chibwenzi changa ndi dalaivala wa takisi. Anzake amamutchula kuti Nyutulo, chifukwa pamtsetse paliponse amachotsa giya, galimoto n'kumatsetsereka yokha kuti asunge mafuta. Dzinali ndinkaliseka mpaka pamene ndinazindikira kuti munthuyu ndi mmene alili ngakhale atatsika m'galimoto. Anthu awiri mukamakangana pamaso pake, iye amayamba kuyang'ana zikhadabo.

Tinakumana mafuta akupezeka, masiku amene mawu anga anali a sopo basi. Ndinakwera takisi yake, ndipo nditangonena kopita anatembenuka n'kundiimbira nyimbo yonse ya sopo uja, molakwitsa, mpaka ndinaseka misozi. Anati mawu amenewa akufuna aziwamva tsiku lililonse akadzuka. Pemphero lakelo boma linaliyankha mopyola muyeso. Ndinamukonda tsiku lomwelo, ndipo ndikumukondabe, vuto lake ndi limenelo.

Lamlungu linali tsiku loti iye ndi amayi ake abwere kwathu kudzaonana ndi bambo anga, akambe za ukwati wathu. Tsikuli linali litasunthidwa kale kangapo, chifukwa chake chimodzimodzi, mafuta. Bambo anali atanena kuti aka n'komaliza. Akalepheranso, dzina la mnyamatayo lisadzamvekenso m'nyumba mwawo.

* * *

Lachitatu m'mawa ndinamutengera Nyutulo tiyi m'fulasiki ndi buledi. Mzere wa magalimoto unayambira pafiling'i ya pamlatho, n'kukhota pasitolo ya matayala, n'kukathera kuseri kwa tchalitchi. Anthu anali atakhazikika ngati asamukira pomwepo. Wina anayanika masokosi pachitseko, wina ankameta ndevu akuyang'ana pagalasi la m'mbali, ena ankasewera makhadi paboneti. Takisi ya Nyutulo ndinaipeza chapakati, iye atakhala pamwala ndi anzake, mkangano uli mkati.

"Akuti vuto ndife, tikugula mwamantha," ankatero mkulu wina wa lole, wa chimimba. "Ine ndagona pano mpaka mkazi wanga wayamba kundipatsa moni wa alendo. Chomwe ndagula mwamanthacho n'chiyani? Udzudzu?"

"Koma zoletsa zigubuzi achita bwino," anayankha wa minibasi. "Anthu amadzaza zigubu n'kukagulitsa kuseri. Ife a pamzere timangomva fungo."

"Achita bwino? Nanga wa chigayo atani? Asenze chigayo pamutu abwere nacho papampu?"

"Nkhani ndi ndalama zakunja, anthu inu," wina anafuula ali pansi pa galimoto yake. "Ogulitsa mafutawo salandira mapemphero."

Ndinamuthirira tiyi Nyutulo n'kukhala pambali pake, chete. Masiku ano pagulu sindiyankhula. Nkhope yanga anthu saidziwa, koma ndikangoti "zikomo" mitu imatembenuka. Pomwepo wailesi ya m'lole inamaliza nyimbo n'kundiika ine. Mzere wonse unayankhira pamodzi ngati kwaya, amuna a ndevu zawo akuchepetsa mawu: "Ali m'njiraaa!"

"Mtsikana ameneyu ndikanangomuona," anatero wa lole uja, "ndikanamukhazika pamwala pano, azitiuza pamaso."

"A mawu okomawa nkhope zimakhala zoopsa, achimwene. Mwina ndi nkhalamba yopanda mano."

Anaseka mpaka wina kutsamwa. Ndinayang'ana Nyutulo. Sindinkafuna kuti amenye munthu, ayi. Ndinkangofuna kamawu kamodzi, ngakhale koti mtsikanayo amangowerenga zomwe wapatsidwa. Iye anali kalikiliki kuuzira tiyi woti wazizira kale.

"Kodi alamuwa sayankhula bwanji?" anafunsa wa minibasi.

"Ali ndi chimfine," anatero Nyutulo msangamsanga.

Ndinatsokomola. Inde, ine mwana wa munthu ndinatsokomola chifuwa chomwe ndinalibe, kuti mwamuna wanga wam'tsogolo asachite manyazi.

Kenako amuna onse aja anadzuka, ena mpaka kuvula zipewa. Ndinaganiza kuti kwabwera nduna. Anali mtsikana wa papampu, atavala ovolosi yake yofiira, akuyenda pang'onopang'ono ngati msewu ndi wa atate ake. Chaka chatha mtsikana ameneyu anthu ankamuponyera makiyi osamuyang'ana n'komwe. Lero ndi "abwana", "amayi athu", "adona". Iye anawadutsa onsewo n'kudzaima pa ife.

"A Nyutulo, mwagona bwanji? Munandidetsatu nkhawa, kunja kunazizira." Anamwetulira, mpata wake wa pamano uli poyera. "Thankala ikangonyamuka, ndiimbira inu poyamba."

Anatenga kapu m'manja mwa Nyutulo n'kumwa, osapempha. Kenako anawerama ngati akundipatsa moni, n'kundinong'oneza.

"Asisi, tiyi wanuyu shuga wachepa. Kapena nayenso ali m'njira?"

Ankandidziwa. Ndipo pamzere wonsewo panali munthu mmodzi yekha amene akanamuuza. Atachoka ndinamukokera Nyutulo kuseri kwa galimoto.

"Unamuuza ndiwe?"

"Zinangotuluka pocheza. Usapse mtima."

"Mumacheza mpaka kufika pa ine? Nanga nambala yako anaitenga liti?"

"Aliyense pano amafuna kukhala naye bwino. Ndi za ntchito basi. Galimoto ikapanda kuyenda ukufuna ndidye chiyani?"

"Nanga Lamlungu?"

"Tibwera. Ndingopeza timafuta pang'ono, tibwera. Amayi ndi bondo lawo lija sangadule mzinda wonse uno wapansi, ukudziwa iwe."

Anandigwira chala chaching'ono, monga amachitira akafuna kuti nkhani ithe. Ndipo inathadi, chifukwa pa munthu ameneyu ine ndine wopusa. Pobwerera kunyumba kapu ija ndinaiponya m'ngalande.

* * *

M'dziko lonse lino munthu mmodzi yekha ndi amene amakweza wailesi mawu anga akayamba, ndiye bambo anga. Anagwira ntchito ya boma moyo wawo wonse, ndipo ngakhale anapuma, boma silinapume mwa iwo. Amakhala pampando wawo wa pakona, wailesi pamwendo, akuyankha aliyense woimba foni ngati akuwamva.

"Tamumvera uyu," ankatero tsiku limenelo. "Akuti nduna itule pansi udindo. Ikatula, mafuta atuluka m'thumba mwake? Boma likuyesetsa. Vuto ndi zigubu, ndi ana a papampuwa. Angogwira mmodzi n'kumuonetsa poyera, muona mizere yonseyi itha."

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene akhala nafe chimwalirireni amayi, ankasita nsalu za pamipando.

"Achimwene, inu galimoto mulibe, njinga yamoto mulibe. Mafutawa mukuwamenyera nkhondo chonchi muthira m'chiyani? M'wailesimo?"

"Ndikumenyera dziko. Ndi mwana wanga." Anatembenukira kwa ine. "Nanga dalaivala wakoyo? Abwera, kapena tizisita nsaluzi mpaka zibooke?"

"Abwera, bambo."

"Ine munthu wosasunga tsiku sindimupatsa mwana. Lero akuti mafuta, mawa adzati mvula."

Azakhali ananditsinzinira diso. Iwo Nyutulo amamukonda, amati wofatsa chonchija sadzandimenya. Ine ndinkangoganiza kuti wofatsa chonchija sadzandiikiranso kumbuyo.

* * *

Lachinayi m'mawa ndinamutumizira uthenga. "Wadzuka bwanji? Thankala yafika?" Anawerenga, osayankha. Masana ndinalembanso. "Kapena nambala yanga yagwera papampu?" Chete. Ndinalemba wina wautali wonena zonse za kumtima kwanga, n'kuufufuta, n'kulembanso, n'kuufufutanso. Dzuwa litapendeka foni inalira.

"Mlongo wanga wachira. Mwana wamkazi. Tili kuchipatala chachikulu."

Manyazi anandigwira. Ine ndili pano kulimbana ndi nsanje, anthu ali pakati pa moyo ndi imfa. Ndinagula tizovala ta khanda ndi sopo, n'kuuyamba wapansi, poti minibasi zinali zosowa.

M'wodi ya amayi munali modzaza. Mlongo wake wa Nyutulo anali chigonere pabedi la kuzenera, wotopa koma akumwetulira. Amayi ake anakhala pampando, mwendo wodwala uja atautambasula. Nyutulo anaima kumiyendo kwa bedi. Ndipo khandalo linali m'manja mwa mtsikana wa papampu, ovolosi yofiira ija akadali nayo, akuliimbira motsitsa mawu.

Ndinapereka moni mwaulemu. Amayi aja analandira katundu wanga ndi zala ziwiri, n'kumuika pansi pa bedi osatsegula.

"Mwamva mmene zinayendera?" anandifunsa. Ine amanditchula kuti "inu", koma "inu" wake ndi wozizira ngati simenti ya m'mawa. "Matenda anamuyamba masana mwanayu, khanda litakhala mopingasa. Ambulasi akuti ilibe mafuta. Aneba onse magalimoto awo ali chiimire. Mwana wangayu ali pamzere, thanki youma. Ine ndinalira mokweza mpaka anthu kudzaza pakhomo. Ndiye uyu," anagwira mkono wa mtsikana uja, "uyu anatulutsa chigubu kukhomo la kuseri, atachikulunga m'saka. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikuika maliro awiri."

"Tithokoze Mulungu," ndinatero.

"Tamuthokoza kale. Tathokozanso amene anamutuma. Inutu wailesi inali yotsegula nthawi yonseyo, mwana wanga akubuula, inu mukutiuza kuti tisade nkhawa. Ndinaganiza zoti tikuthireni m'thanki, mwina galimoto ikanalira."

Mayi wa pabedi loyandikana anabisa nkhope m'nsalu akuseka. Ndinadikira. Nyutulo anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri pabotolo la diripi.

"Amayi, musatero," anatero mtsikana uja mokoma. "Asisiwa amangogwira ntchito yawo."

Mawu omwe ndinkawafuna dzulo lija anatuluka m'kamwa mwa ameneyu. Ndipo anali atayamba kale kunena kuti "amayi".

Potsanzika ndinalimba mtima. "Ndiye Lamlungu tikudikirani, amayi."

"Tiona. Bondoli limasankha koyenda."

Ndili m'khonde la chipatala ndinamva nsapato za ntchito zikunditsatira. Anali iye, khanda atalisiya.

"Asisi, musandiyang'ane choncho. Ine sindilanda za eni."

"Ndiye ukumufuna chiyani?"

"Ine?" Anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke nawo. "Amuna onse pamzere paja amandisekerera chifukwa cha pampu. Mafuta akadzabwera adzayambanso kundiponyera makiyi. A Nyutulo okha ndi amene ankandipatsa moni mafuta asanasowe. Inu mumabwera ndi tiyi n'kubwerera kwanu. Ine ndimakhala pomwepo, ndimaona akamanjenjemera."

Ankanena zoona, ndipo zimenezi sindidzamukhululukira. Nyutulo anatipeza n'kundiperekeza mpaka pageti.

"Amayi usawamvere, atopa chabe. Mafuta otsala m'thankimo akwana kubwera kwanu."

"Ndiye ubwera kudzakamba za ukwati wanga ndi mafuta a mtsikana uja?"

"Mafuta ndi mafuta, alibe dzina."

Ndinangotembenuka n'kumapita. Chinkandipweteka kwambiri n'choti mtsikanayo anachitadi zabwino. Akanakhala woipa ndikanadziwa pomugwira.

* * *

Ndinafika kunyumba mapazi atatupa, n'kulowa kukhitchini, n'kuwakhuthulira azakhali zonse. Filing'i ya pamlatho, khomo la kuseri, saka, mpata wa pamano, kapu yanga, "amayi". Ndinalira mpaka mamina. Sindinazindikire kuti wailesi ya pabalaza, yomwe siizima m'nyumba mwathu, inali itazimitsidwa.

Lachisanu masana ndinali kusaluni, kulukitsa tsitsi la Lamlungu. Pa wailesi panali pulogalamu ija ya mtsutso, yomwe anthu amaimba foni. Mneneri wa unduna ankati zinthu zikhala bwino posachedwa, mkulu wa bungwe la madalaivala n'kumafunsa kuti Posachedwa ameneyu amakhala kuti, akamuchezere. Wina anaimba kuti mafuta azigawidwa potengera manambala a galimoto. Wina anati nduna nazo zigoneko pamzere zione udzudzu. Amayi a m'saluni ankathira ndemanga mitu ili m'zoumitsira tsitsi, wina akuti mwamuna wake mzerewu waukonda kwambiri moti akufuna akauone yekha mzerewo ngati uli ndi miyendo. Kenako ndinamva kutsokomola komwe ndakhala ndikukumva moyo wanga wonse.

"Ine ndine bambo wake wa mtsikana amene mumamunyoza uja, wa uthenga wa mafuta. Ndipo ndimamunyadira."

Wondiluka tsitsi manja ake anaima. Iye ankandidziwa, enawo ayi.

"Mukuti boma likunama. Ine ndili ndi umboni woti mafuta alipo, koma akutulukira kuseri. Dzulo lomweli, pafiling'i ya pamlatho, mtsikana wa papampu, wa mpata pamano, watulutsa chigubu m'saka n'kupatsa dalaivala wa takisi, anthu ali pamzere. Mnyamatayo ndilibe naye mlandu, ndi wofatsa, ndi amene akukwatira mwana wanga. Koma atsikana amenewa akukola amuna a eni ndi zigubu. Lamulo lili kuti?"

Za mayi wodwala sananenepo kanthu. Kaya sanazimve, kaya anaziona zosafunika.

Mneneri wa unduna anapuma ngati munthu woti wamwa madzi ozizira. "Tikuthokoza nzika yokonda dziko lake imeneyi. Mwadzimvera nokha. Si boma ayi, ndi anthu ngati amenewa. Tichitapo kanthu lero lomwe."

Ndipo anachitadi. Boma lomwe lalephera kupeza mafuta miyezi yonseyi linapeza mtsikana mmodzi dzuwa lisanalowe. Ine ndinatuluka m'saluni mutu utalukidwa theka.

* * *

"Bambo, mwachita chiyani?"

Anali pampando wawo, nkhope ili ngwee. "Ndakuchotsera chokupinga. Sunalire dzulo m'khitchinimu? Ine ndikhale chete mwana wanga akulira?"

"Mtsikana uja anapulumutsa anthu awiri!"

"Ndi mafuta a ndani? Aliyense akamapulumutsa ake kuseri, a pamzere awapulumutsa ndani? Lamulo silisankha."

"Achimwene," anatero azakhali, "mwanayu analirira kukhitchini kuti zithere kukhitchini komweko. Inu mwakazipachika pamlongoti."

Nkhani zinabwera zokha ndi aneba. Apolisi anafika pamlatho, anatenga mtsikana uja ndi takisi ya Nyutulo, filing'i n'kuitseka mpaka kafukufuku athe. Thankala yomwe anthu anaigonera panja masiku onse aja anaikhotetsa n'kupita nayo kwina. Amuna aja, wa lole, wa minibasi, anabalalika akukankha magalimoto awo, akutukwana Alimnjira ndi mtundu wake wonse. Tsopano ankadziwanso kuti alamu a chimfine aja anali ndani.

Ndinaimba foni ya Nyutulo mpaka batire kutha. Ndinalemba kuti bambo sindinawatume, kuti ndikulumbira pa manda a amayi anga, kuti angondiuza kokha ngati ali bwino. Loweruka m'mawa foni inalira, ndinaithamangira, koma anali mlongo wake, akuimba ali pabedi kuchipatala. Pabanja lonse lija ndiye yekha amene ankandikonda.

"Alamu, ine ndinkakuikirani kumbuyo amayi akamakunenani," anatero, khanda likulira chapafupi. "Tandiuzeni, mukanakonda mwana wangayu akanafa?"

"Sindine ndinaimba, alamu. Ndi bambo."

"Bambo anu anali kuchipatala kuno?"

Anadula. Tsiku lonselo ndinakhala foni ili m'manja, osadya, azakhali akumaliza kundiluka mbali yotsala ija mokoka ngati tsitsi ndi lomwe linalakwa. Yankho la Nyutulo linabwera madzulo.

"Mawa ndibwera."

Ndinawaonetsa azakhali, iwo n'kuvina. Koma ine ntchito yanga ndi ya mawu, ndipo ndinaona chomwe iwo sanachione. Sanalembe kuti "tibwera".

* * *

Lamlungu bambo anavala suti yawo ya maliro ndi maukwati omwe. Azakhali anatulutsa makapu a m'kabati omwe sitimwera tokha, n'kuyala nsalu pamipando. Bambo ankasuzumira pazenera akuimba mluzu, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti banja la mnyamatayo likubwera kudzawathokoza.

Nyutulo anabwera wapansi, yekha, fumbi mpaka m'mawondo, ndevu zosameta. Sanagogode. Anaima pageti n'kundikodola. Ndinathamanga, ndikufuna kumukumbatira, koma manja ake anali m'matumba.

"Ndikudziwa kuti sunawatume," anayamba. "Koma mvera, usandidule. Mtsikana uja apolisi amafuna kumutsekera m'ndende. Ineyo anati galimoto alanda, laisensi alanda. Ndiye bwana wa pafiling'i anawauza apolisi kuti antchito amaloledwa kutenga timafuta pang'ono pakagwa matenda pabanja pawo. Pabanja pawo pokha. Wapolisi anafunsa kuti wodwalayo ndi ndani wake."

"Ndiye?"

"Amayi anayankha kuti ndi mlamu wake. Anati mtsikanayu ndi mpongozi wawo."

Geti lija ndinaligwira ndi manja awiri. "Iwe unati chiyani?"

"Wapolisi anandifunsa ngati mtsikanayo ali mkazi wanga. Ndinati inde. Ukanakhala iwe ukanatani? Mwana wa mlongo wanga ali moyo chifukwa cha iye."

Chibadwire munthu uyu sanasankhepo mbali. Tsiku limene anasankha, anakasankhira kupolisi, pamaso pa mboni.

"Ndi zongonena chabe," anapitiriza. "Zikazizira tidzakonza. Koma bambo ako ananena pa wailesi kuti ine ndikukwatira iwe, ndiye apolisi akuti wina akunama. Mawa abwera kuno kudzakufunsa. Ukati ndine wako, iye alowa m'ndende, ine ndilowa chifukwa cha bodza, amayi nawonso. Chonde. Uwauze kuti bambo ako anasokoneza. Uwauze kuti ndinkangokunyamula pa takisi."

"Pamaso pa bambo anga? Ndikukane m'nyumba muno, ndiye tsiku lina udzalowemo ngati ndani?"

Anatulutsa dzanja m'thumba n'kuyang'ana zikhadabo. Maso ake anali ofiira, milomo yong'ambika. Ndinamumvera chisoni, ndipo chisonicho ndi chomwe chinandikwiyitsa koposa.

"Mtsikanayo ali kuti panopa?"

"Kachipinda kake kanali ka pantchito, amulanda. Ali kwathu. Apolisi akuti azibwera osachenjeza, kudzaona ngati tikukhaladi ngati banja."

"Nanga iwe ukugona kuti? Galimoto ili kupolisi."

"Nyumba yathu ukuidziwa."

Ndinkaidziwadi. Ili ndi zipinda ziwiri. China ndi cha amayi ake, ndipo mmenemo ndi momwe ankafikira mlongo wake ndi khanda.

Kumbuyo kwanga chitseko chinatseguka. Bambo anatuluka pakhonde akukonza tayi, akumwetulira mano onse.

"Kodi mkamwini wanga waimiranji pageti ngati mlendo? Mulowetse, mwana wanga. Nanga amayi akewo atsala pati?"